MLANDU SUOLA: APOLISI ASADZIWERUZE OKHA KUSERI

Abale ndi alongo, tamvani nkhani iyi, ndipo mukatha kuwerenga mupatse mnzanu pepalali kuti nayenso awerenge.

Munthu apita ku polisi kukadandaula. Anena kuti wapolisi wakutiwakuti anamtukwana pa mseu pamaso pa ana ace, kapena anamkankha popanda cifukwa, kapena anakana kulemba mlandu wace. Akuluakulu amlandira bwino, alemba dzina lace, namuuza kuti apite kunyumba, adzamva. Iye atangoturuka, iwo ayang'ana pepala lija nati: "Aa, aka nkanthu kakang'ono. Sajeni akambe naye mnyamatayo, zithere pomwepo." Sajeni aitana wapolisi uja m'cipinda, atseka citseko, akamba pang'ono, aturuka. Nkhani yatha. Wodandaula sanaitanidwe. Anthu a mumzinda sadzamva kanthu. M'buku alemba mau awiri okha: palibe cilango.

Uwu ndi mcitidwe wa mizinda yambiri ya ku America, ndipo cimene ciulimbitsa ndi mapangano amene mabungwe a apolisi, ma Yuniyoni ao, asainirana ndi eni mzinda. Iwo aucha maina okoma: kulangiza, kuyanjanitsa, kutha nkhani mwamtendere. Ife tiukana. Kutha tinthu tating'ono pokambirana, osakokerana ku khoti, nkwabwino ndithu, ndipo makolo athu anadziwa zimenezo kalekale. Koma kukambirana kumene mwini dandaulo atsekeredwa kunja, ndipo mtundu wonse uletsedwa kudziwa, kumeneko ndiko kufotsera mlandu. Tsono akulu anati mlandu suola.

WAPOLISI WA MADANDAULO 17

Pa 25 May, 2020, mumzinda wa Minneapolis, m'cigawo ca Minnesota, apolisi anagwira munthu wakuda wa zaka 46, George Floyd, pomganizira kuti anagula fodya ndi ndarama yacinyengo ya madola 20. Anammanga unyolo m'manja, namgoneka cafufumimba pa mseu. Wapolisi Derek Chauvin anaika bondo lace pa khosi la munthuyo kwa mphindi 9 ndi masekondi 29. Floyd analira kuti sali kupuma, mpaka anakhala cete osadzukanso. Mtsikana wa zaka 17 amene anaima pambali anajambula zonse ndi foni yace, ndipo dziko lonse lapansi linaona.

Pamenepo anthu anafunsa: kodi wapolisi ameneyu ndi wotani? Anali atagwira nchito zaka 19. Mzinda unaturutsa kaundula wace, ndipo munapezeka madandaulo osacepera 17. Cilango conse cimene cinaoneka m'menemo cinali makalata awiri omdzudzula. Pa ena onsewo panangolembedwa kuti nkhani inatsekedwa, palibe cilango.

Werengani mau amenewo mosamala. Munthu wamba akaona kuti "palibe cilango" aganiza kuti anafufuza napeza kuti wapolisi sanalakwe, wodandaula ananama kapena anaphonya. Koma ku Minneapolis m'zaka zimenezo mau omwewo ankalembedwanso pa wapolisi amene akuluakulu anampeza wolakwa, nangomtumiza kwa kapitao wace kuti akamlangize. Wolakwa ndi wosalakwa anabvekedwa malaya amodzi, ndipo atolankhani ndi anthu a mumzinda sanaloledwe kutsegula faelo kuti asiyanitse.

MSAMPHA WA ZINGWE ZITATU

Kodi zinatheka bwanji m'dziko lodzitama ndi malamulo? Msampha uwu uli ndi zingwe zitatu, ndipo tifuna kuti muzione cimodzicimodzi.

Cingwe coyamba ndi lamulo la Minnesota la zolembedwa za Boma. Lamulolo linena kuti wanchito wa Boma akadandauliridwa, anthu angathe kudziwa kuti dandaulo lilipo ndi pamene lafika. Koma cimene munthuyo anacita ciululidwa pokhapo atalangidwa, ndiponso cilangoco citatsimikizika kotheratu. Popanda cilango, faelo ikhala yotseka.

Cingwe caciwiri ndi pangano la pakati pa mzinda ndi Yuniyoni ya apolisi, yochedwa Police Officers Federation of Minneapolis. Panganolo linachula zilango zimene wapolisi angathe kuzikana nacita apilo, monga kalata yodzudzula, kuimitsidwa pa nchito, kutsitsidwa pa udindo ndi kucotsedwa nchito. Akakana, Yuniyoni itenga nkhani kunka nayo kwa woweruza wapadera, amene ali ndi mphamvu ya kucepetsa cilango kapena kucifafaniza, ndipo nkhondo yotere itha miyezi yambiri. Cotero mkulu wa apolisi aliyense adziwa kuti kulanga munthu ndiko kudziputira mlandu wina.

Cingwe cacitatu ndi cimene acicha m'Cingerezi "coaching", mau obwerekedwa ku bwalo la mpira kumene mphunzitsi aongola anyamata ace. Wapolisi akhala pansi ndi kapitao, auzidwa pamene anaphonya, kapitao alemba kapepala, basi. Mzinda unalimbikira kunena kuti ici si cilango, ndi uphungu cabe. Popeza si cilango, mkulu apewa nkhondo ndi Yuniyoni. Popeza si cilango, lamulo lija siliturutsa faelo.

Mwaona tsono m'mene zingwe zimangirana? Mkulu wa apolisi akondwa pakuti wapulumuka phokoso. Yuniyoni ikondwa pakuti dzina la membala wace lakhala loyera. A Khonsolo akondwa pakuti manyuzipepala alibe colemba. Watsala wosafunsidwa ndi mmodzi yekha, uja anatukwanidwa pamaso pa ana ace. Nkhanga zinapangana kusanapse. Awa anapangana dandaulo lisanafike.

NDANI AYESA KUCEPA KWA MLANDU?

Akuluakulu a mzinda ndi a polisi ankanena poyera kuti njira imeneyi ndi ya tolakwa tocepetsetsa, ta mulingo wapansi wochedwa "A" m'buku lao la zilango, monga kusamanga lamba m'galimoto kapena kuphonya polemba lipoti. Zikadakhala zoona, ife sitikadataya inki yathu. Ndani afuna kuti munthu aimbidwe mlandu wa miyezi cifukwa ca lamba?

Koma funso lalikuru ndi ili: ndani anena kuti mlandu uwu ngwaung'ono? Si wodandaula ai. Amene ayesa ali m'nyumba momwemo mwa wodandauliridwa, ndipo mwini sikelo ndiye apindula katundu akapepuka.

Mu June 2021 bungwe lochedwa Minnesota Coalition on Government Information, limene limenyera kuti zolembedwa za Boma zikhale poyera, linasumira mzinda ku khoti, kufuna kuti mafaelo a uphungu atsegulidwe. Yuniyoni inalowa mlanduwo kumbali ya ofuna kuti akhale otseka. Mu 2024 mapepala a mlanduwo anaonetsa zina mwa zimene zinabisika. Wapolisi wina anagwira mfuti mosasamala, cipolopolo cinalowa m'khoma la ofesi ya polisi: anapatsidwa uphungu. Wina sananene za mnzace amene anapweteka munthu womangidwa: uphungu. Wina anamasula galu wa polisi, galuyo naukira munthu: uphungu. Abale, kodi izi ndizo za lamba wa galimoto?

Nalonso Boma lalikuru la ku Washington linafufuza. Unduna wa Cilungamo unayamba nchitoyo mu April 2021, nuturutsa lipoti lace pa 16 June, 2023. Unapeza kuti apolisi a Minneapolis ankagwiritsa mphamvu yopitirira muyeso, ndiponso ankasankha anthu akuda ndi eni nthaka a ku America. Za uphungu uja, unanena kuti madandaulo ena otumizidwa kumeneko sanali ang'ono konse. Limodzi linali la wapolisi amene anamenya mbama, kuponda ndi kuombera mfuti ya magetsi yochedwa Taser wacicepere woganiziridwa kuba m'sitolo. Unapezanso kuti nkhani zambiri zotumizidwa ku uphungu sizinafike ngakhale pa uphungu weniweniwo. Ha! Ngakhale kunong'onezana kuja sikunacitike. Pepala linangoyenda kucoka pa tebulo ili kunka pa tebulo ilo, mpaka linagona.

Nyumba ikazolowera kuona zazikuru ngati zazing'ono, maso ace acita khungu. Mu September 2017, Chauvin yemweyo anagwira pakhosi mnyamata wa zaka 14, nammenya m'mutu ndi tochi, namtsamira ndi bondo pa khosi ndi pa msana kwa mphindi 15 ndi kupitirira, mwana ali womangidwa unyolo, wagona cafufumimba, wosalimbana ndi munthu. Akuluakulu ace sanamlange. Iye mwini anabvomera mlandu umenewu m'khoti mu December 2021. Bondo lomwelo, pa khosi la mwana, zaka pafupifupi zitatu Floyd asanafe! Kuongola mtengo mpoyamba. Uwu anausiya mpaka unagwera munthu.

Chauvin anapezeka wolakwa pa 20 April, 2021, nalamulidwa ndende zaka 22 ndi theka. Nanga ndarama analipa ndani? Mu March 2021 mzinda unabvomera kupatsa banja la Floyd madola 27 miliyoni. Mu April 2023 unabvomeranso madola 7.5 miliyoni kwa mnyamata uja. Sizinaturuke m'thumba la Yuniyoni ai. Zinaturuka m'thumba la mzinda, la anthu okhoma msonkho, omwe aja anauzidwa kuti za m'faelo si zao.

KU CHICAGO: KUYANJANITSA MUNTHU MMODZI

Wina angati awa ndi matenda a mzinda umodzi. Tiyeni tsono ku Chicago, m'cigawo ca Illinois.

Pa 20 October, 2014, wapolisi Jason Van Dyke anaombera zipolopolo 16 mnyamata wakuda wa zaka 17, Laquan McDonald. Kanema wa pa galimoto la polisi anabisidwa miyezi 13, mpaka woweruza analamula kuti aturuke, anthu namuona mu November 2015. Van Dyke anali ndi madandaulo pafupifupi 20 kumbuyo kwace, ndipo panalibe limodzi lomwe linambweretsera cilango. Khoti linampeza wolakwa pa mlandu wa kupha munthu mu October 2018.

Unduna wa Cilungamo unafufuzanso kumeneko, nuturutsa lipoti mu January 2017. Unapeza kuti ku Chicago kunali njira yochedwa "mediation", ndiye kuti kuyanjanitsa. Dzina lokoma ndithu! Koma mcitidwe wace unali wotere: wapolisi abvomera kuti walakwa posinthana ndi cilango cocepa, kufufuza kusanathe, ndipo wodandaula palibe pa tebulo. Njirayo inagwira nchito ngakhale pa milandu ya kumenya anthu ndi ya nkhanza za m'banja. Inu amai ndi abambo, kodi munamvapo ankhoswe ayanjanitsa banja mkazi ali kumunda, wosadziwa kuti kunyumba kuli nkhani yace? Kumeneko si kuyanjanitsa, ndi malonda.

Pangano la Yuniyoni ya kumeneko, ya Fraternal Order of Police, linali ndi minga inanso. Wodandaula anayenera kulumbira ndi kusaina dzina lace dandaulo lisanafufuzidwe, cinthu cimene cinaopsa amantha ndi osauka okhala pafupi ndi wapolisi yemweyo. Ndiponso panganolo linanena kuti zolembedwa za madandaulo zionongedwe pakapita zaka 5. Taonani nzeru yace: coyamba nkhani ithere kuseri, pambuyo pace pepala lomwe lionongedwe. Wapolisi wa madandaulo makumi awiri abadwanso mwatsopano ngati khanda.

Yuniyoni inamenyera mau amenewo mpaka ku khoti lalikuru la Illinois. Mu June 2020 khotilo linakana, niliti lamulo losunga zolembedwa za anthu liposa pangano la anchito. Mu 2021 aphungu a Illinois anapanga lamulo locotsa za kulumbira zija. Ticula izi kuti mudziwe kuti mapangano otere sanagwe kumwamba. Analembedwa ndi anthu, ndipo anthu angathe kuwafafaniza.

ZONENA ZA OTSUTSANA NAFE

Ife sitiopa mau a anzathu a mbali inayo. Tiwaike pano poyera ndi kuwayankha.

Coyamba ati: wapolisi akumana ndi anthu mazana pa mwezi, ambiri okwiya, ena oledzera. Ngati liu lirilonse lopsa mtima lifuna kufufuza kwa miyezi, ofufuza adzamira m'mapepala, milandu yaikuru nidzacedwa. Tibvomera. Njira yacidule ikhalepo. Koma cidule ndi cinsinsi nzosiyana. Mungathe kutha nkhani m'sabata imodzi ndi kulemba poyera kuti wakutiwakuti anapezeka wamwano, analangizidwa, anapepesa. Kulemba mzere umodzi wotere sikucedwetsa munthu.

Ndipo musaiwale kuwerengera. Kutukwana kamodzi nkwakung'ono. Kutukwana kakhumi, munthu yemweyo, anthu a mtundu umodzi womwewo, si kwakung'ono konse. Ndi cizindikilo ca cimene ciri mumtima mwace. Mukafotsera dandaulo lirilonse m'dzenje lacelace, ndani adzaonkhetsa? Madontho ndiwo adzaza mtsuko, koma wotaya dontho lirilonse pansi adzalumbira kuti mvula sinagwe.

Caciwiri ati: wapolisi ndi wanchito monga ena onse, ndipo Yuniyoni iyenera kumchinjiriza kwa bwana wokondera ndi wankhanza. Apa timvetsa kwambiri. Ife amene makolo athu anabvutika ku migodi ya Kopa mpaka Yuniyoni yao inakhazikika mu 1949, sitingakhale adani a bungwe la anchito. Wapolisi alandire malipiro okwana. Mu July 2024 Khonsolo ya Minneapolis inabvomera kukweza malipiro a apolisi ndi 21.7 peresenti m'zaka zitatu. Pa zimenezo tiribe mau. Akhale ndi masiku opumula, akhale ndi penshoni, asacotsedwe nchito asanamvedwe, akhale ndi womuimira pa mlandu. Zonsezi nzace, ndipo Yuniyoni izimenyere ndi mphamvu zonse.

Koma taonani kusiyana kwace. Mkangano wa wa m'mgodi uli pakati pa iye ndi Kampani. Eni nkhani ndi awiri, ndipo onse ali pa tebulo. Dandaulo la pa wapolisi liri ndi mwini wacitatu, munthu wa pa mseu, amene sakhalapo pamene pangano lilembedwa. Wapolisi yekha mwa anchito onse apatsidwa ndi mtundu mfuti, unyolo ndi mphamvu ya kutsekera munthu mnzace. Dandaulo la nzika si katundu wa Yuniyoni, si katundu wa Meya. Nanga awiriwa agulitsana bwanji mbuzi ya mwini?

Anchito ena a ku America anaona cimeneci. Floyd atafa, mtsogoleri wa Yuniyoni ya apolisi a Minneapolis, Bob Kroll, analembera mamembala ace kalata yonyoza mbiri ya malemuyo ndi kudandaula kuti apolisi anai aja anacotsedwa nchito mosatsata njira. Bungwe lalikuru la ma Yuniyoni m'cigawoco, Minnesota AFL-CIO, linamuuza poyera kuti atule pansi udindo. Pa 10 June, 2020, mkulu wa apolisi Medaria Arradondo anacoka pa tebulo la zokambirana za pangano ndi Yuniyoniyo. Amenewa sanali odana ndi anchito. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Cacitatu ati: alipo anthu oneneza wapolisi zabodza cifukwa anawagwira ali kuba, ndipo kuika zonse poyera kudzaipitsa maina a osalakwa. Inde, abodza alipo. Koma mankhwala a bodza ndi kufufuza ndi kulengeza cimene capezeka. Cinsinsi ndico ciipitsa wapolisi wabwino, pakuti mau akuti "palibe cilango" akagwiritsidwa nchito pa wolakwa ndi wosalakwa yemwe, anthu aleka kuwakhulupirira, ndipo woongoka asenza manyazi a wokhota. Wapolisi wolungama ayenera kukhala woyamba kufuna kuti buku litsegulidwe.

KUYANJANA KWENIKWENI

Ife tidziwa m'mene nkhani yaing'ono ithera bwino, pakuti tinakula tiri kuziona pa bwalo la mfumu. Mbuzi za uje zadya cimanga ca uje. Palibe loya, palibe ndende. Koma mwini munda akhalapo, nanena mau ace mpaka atatha. Mwini mbuzi ayankha. Oweruza si abale a mwini mbuzi okha. Mudzi wonse uli kumva. Wolakwa apepesa, mwina aturutsa nkhuku, agwirana canza, nkhani yatha dzuwa lisanalowe. Ndipo caka camawa mbuzi zomwezo zikalowanso m'munda, palibe angati ndi koyamba, pakuti mudzi ukumbuka.

Ku America komweko ilipo mizinda imene inayesa njira yofanana ndi imeneyi. Ku Denver, ofesi yoima payokha yoyang'anira apolisi, imene inayamba nchito mu 2005, inakhazikitsa kuyanjanitsa kumene wodandaula ndi wapolisi akumana maso ndi maso, onse atabvomera mwaufulu, pakati pali munthu wosakondera amene si wapolisi. Munthu auza wapolisi m'mene mau ace anamlasira; wapolisi afotokoza cimene anaona tsiku lija. Cotero asatinamize kuti pali njira ziwiri zokha, khoti kapena kuseri. Njira yacitatu ilipo, ndipo njakale kuposa mapangano ao.

ZIMENE TIFUNA

Cifukwa cace tsono, pa mapangano onse a pakati pa mizinda ndi ma Yuniyoni a apolisi, ife titi:

1. Wonena kuti dandaulo ndi laling'ono akhale munthu wa kunja kwa polisi, wosalamulidwa ndi mkulu wa apolisi kapena Yuniyoni.

2. Kumenya, kugwiritsa cida, kunama m'lipoti, kusankha mtundu, ndi kubisa kulakwa kwa mnzako zisalowe konse m'njira yacidule.

3. Wodandaula afunsidwe ngati abvomera njira yacidule, akhale ndi ufulu wa kukana, ndipo auzidwe m'kalata cimene capezeka ndi cimene cacitika.

4. Wapolisi akapezeka wolakwa, zilembedwe kuti anapezeka wolakwa, kaya acicha cilango kaya acicha uphungu, ndipo anthu aloledwe kuwerenga. Dzina lisasandutse cinthu.

5. Zolembedwa zisaonongedwe, ndipo munthu akabwereza cinthu comweco, njira yacidule imtsekekere.

Palibe cimodzi mwa izi cimene cicotsa ngwee pa malipiro a wapolisi. Palibe cimene cimlanda womuimira. Yuniyoni yokana zimenezi itiuze poyera cimene iri kuchinjiriza.

Ndipo anthu asagone poyembekeza kuti akuluakulu akutali adzawakonzera. Mu January 2025 mzinda wa Minneapolis unagwirizana ndi Boma la Washington pangano lokonzanso upolisi pansi pa diso la khoti. Mu May caka comweco Boma latsopano linacoka m'panganolo, khoti nilitseka nkhani. Mzinda unatsala ndi pangano lina limene unacita ndi cigawo ca Minnesota mu 2023. Boma lisintha, nduna zisintha, koma pangano la Yuniyoni libwera pa tebulo la Khonsolo pakapita zaka zowerengeka, ndipo makhansala osankhidwa ndi anthu ndiwo aliponyera voti. Pamenepo ndipo pali nkhondo. Abale athu okhala m'mizinda imeneyo, amene ana anu ayenda m'miseu yomweyo ndi khungu lomwelo la Floyd ndi McDonald, pemphani pepalalo muliwerenge. Musayang'ane tsamba la malipiro lokha. Funani tsamba lonena za madandaulo, mufunse khansala wanu kuti avota bwanji.

Ndipo ife tonse, kulikonse kumene tiri, tsiku limene tidzapita kukadandaula natiuza kuti, "Bambo, nkanthu kakang'ono aka, tingokambirana, tisalembe," tiyankhe mwaulemu koma osagwedezeka: tikambirane ndithu, koma ine ndikhalepo, ndipo mulembe. Wapolisi wabwino sataya kanthu pamenepo. Woipa yekha ndiye aopa buku.